Kotesheni ya matailosi: chipinda cha mamita 4 ndi 5

Wofunsa: Akuluakulu, pali ntchito ya pabalaza, mamita 4 m'lifupi, 5 m'litali. Matailosi a masentimita 60 ndi 60, ndi skirting yomwe (timatailosi ta m'munsi mwa khoma). Mwini nyumba akufuna mtengo umodzi, zipangizo ndi leba pamodzi. Ndiwerengere bwanji kuti ndisaluze?

Mmisiri wa ku Kawale: Achimwene, choyamba kayezeni nokha ndi tepi, miyeso ya pafoni imanamiza. Ngati ilidi 4 ndi 5, ndiye masikweya mita 20. Onjezani 10 peresenti ya zodula ndi zosweka, akwana 22. Mwini nyumba akafuna kuyala mopingasa onjezani 15 peresenti. Katoni ya 60 ndi 60 kawirikawiri imakhala ndi matailosi anayi, 1.44 sikweya mita, koma werengani pakatonipo. 22 kugawa ndi 1.44, gulani makatoni 16.

Skirting ambiri amaiwala. Kuzungulira chipinda ndi mamita 18, kuchotsa khomo limodzi atsala 17. Mukamadula timizere ta masentimita 10, tailosi imodzi itulutsa tisanu tabwino, ndiwo mamita atatu. Matailosi 6 akwana, choncho makatoni ena awiri. Onse 18, ndipo muwagule tsiku limodzi, a batch imodzi (opangidwa ulendo umodzi). Kudzagula katoni yowonjezera mwezi wamawa, mtundu umasiyana pang'ono, kasitomala nkumaloza inu.

Wa ku Chirimba: Ndiwonjezerepo za adhesive, simenti yomatira matailosi, poti ndalama zimathera pamenepo. Thumba la makilogalamu 20 limayala pafupifupi masikweya mita 4 ngati pansi pali levulo. Apa ndi matumba 5, lachisanu ndi chimodzi la skirting. Koma musanalembe nambala, goneketsani thabwa lowongoka la mamita awiri pansi m'malo angapo. Mukaona mpata wopitirira mamilimita 5, lembani screed (kusalaza pansi kuti pakhale levulo) ngati ntchito yapayokha, simenti ndi mchenga wake. Kudzaza maenje ndi adhesive kungadye matumba kuwirikiza kawiri. Mukaumira, matailosi amalira ngati ng'oma powagogoda, kenako ming'alu. Screed yatsopano iume kaye, masabata anayi ndi abwino, ndipo mwini nyumba adziwiretu.

Wofunsa: Nanga leba, ndiike pa tsiku?

Mmisiri wa ku Kawale: Ayi. Pansi tchajani pa sikweya mita, skirting pa mita, chifukwa kudula kumadya nthawi ndi disc ya grinder. Koma mtengo wa pa sikweya mitawo muupeze chonchi: masiku atatu, malipiro anu, a wothandiza, nkhomaliro, thiransipoti, disc, ma spacer (timapulasitiki tosiyira mipata pakati pa matailosi), phindu pamwamba, kenako gawani ndi 20. Osangotengera wa mnzanu.

Mayi wa hardware: Mwanawe, mtengo umodziwo ukane mwaulemu. Papepala pakhale zigawo ziwiri, zipangizo ndi leba, ndipo ulembe kuti mitengo ya zipangizo ikugwira masiku 7 okha. Matailosi ambiri ndi adhesive zimayendera ndalama zakunja. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, makotesheni a sabata yapitayo anasanduka mapepala chabe. Ndalama ya zipangizo yonse ilowe musanayambe, leba theka poyamba, theka mukamaliza grout, simenti yotsekera mipata ya pakati pa matailosi. Grout yomweyo usaiwale kuilemba.

Wa ku Chirimba: Ndipo pansi pa pepalalo lembani zomwe mulibemo: kugumula matailosi akale, kusema zitseko zikayamba kukhudza pansi, kutaya zinyalala, madzi, jenereta magetsi akazima. Mwini nyumba asayine, inu mujambule pafoni.