Wotchi ya m'thumba ya agogo ndiitsegule bwanji osaiwononga?

Abale, ndithandizeni nzeru. Agogo aamuna anandisiyira wotchi ya m'thumba ya Waltham, ndipo ndikufuna kuona nambala yolembedwa pamakina ake m'kati kuti ndidziwe chaka chomwe inapangidwa. Chandivuta ndi chivundikiro cha kumbuyo. Ndayang'anitsitsa m'mphepete monse, hinji palibe, kampata kolowetsa chikhadabo nako sindikukaona. Pali kamzere kopyapyala kokha kozungulira. Kodi ndiye kuti n'chopotokola ngati chitsekerero cha botolo? Ndayesa kuchipotokola ndi chikhatho koma sichikusuntha n'komwe.

Mpeni ndiye ndikuuopa. Pali kale malo awiri okandika pamene wina anayesa kukanganula, ndipo mtima umandipweteka ndikapaona. Ena akuti kampira ka labala kamagwira bwino popotokola, alipo anayesapo? Nanga chikatseguka, makinawo ndingawakhudze ndi zala, kapena thukuta lingawachititse dzimbiri?