Za kamera ya kunkhalango ija: tipange tokha kapena tigule?

Mlembi: Moni nonse akuluakulu. Pamsonkhano paja inatsala nkhani ya kamera yotchera nyama. Mitengo tinabzala ija yakula, ndipo akumudzi akuti usiku mukumayenda zinthu. Ena akuti ndi nungu, ena akuti fisi, wina akuchita kulumbira kuti anaona mapazi a nyalugwe. Maganizo alipo awiri, kugula yopangidwa kale kapena achinyamata athu apange. Tiyeni timvane.

Msungichuma: Ndifunse ngati mbuli. Kamerayo imadziwa bwanji kuti kwabwera nyama? Kapena imangojambula usiku wonse?

Wa zamagetsi: Ayi mayi, ikanamatero batire bwenzi likutha tsiku lomwelo. Kamera imakhala ili mtulo. Chokhala maso ndi kachipangizo kotchedwa PIR, kooneka ngati kampira koyera kodulidwa pakati. Ikoko sikaona kuwala, kamamva kutentha. Mkati mwake muli timaso tiwiri, ndiye nyama ikamadutsa kutentha kwa thupi lake kumagwera pa diso limodzi kenako linzake, ndipo kusiyanako ndi kumene kumadzutsa kamera. Kodziwika kwambiri ndi HC-SR501, kamamva mpaka mamita pafupifupi 7. Kamera yake ndikuganiza ESP32-CAM, kabolodi kosaposa bokosi la machesi, kali ndi diso la 2 megapixel ndi polowetsa memori kadi. Mabatire ndi a 18650 omwe amakhala m'ma laputopu akale aja.

Aphunzitsi opuma: Mwana wanga akuti bwanji osagwiritsa kakompyuta kakang'ono kotchedwa Raspberry Pi, akuti zithunzi zake n'zooneka bwino.

Wa zamagetsi: Sakunama aphunzitsi. Vuto lake Raspberry Pi sidziwa kugona. Mukaisiya yoyaka ikudya batire, mukaizimitsa imachedwa kudzuka, pomwe izitsegula maso gwape wafika kale kutsidya. Pantchito iyi kukongola kwa chithunzi kumabwera pambuyo, choyamba n'chakuti chigone mwakuya koma chidzuke msanga.

Amalume: Mphwanga, usabise mawu. Ya chaka chatha ija inatha bwanji? Auze anthu.

Wa zamagetsi: Aaa malume mwandiyalutsa 😂 Chabwino. Ndinaika zonse m'kontena ya pulasitiki, kutsogolo n'kumata galasi kuti mvula isalowe. Sabata yathunthu, chithunzi olo chimodzi. Ndinadzazindikira mochedwa kuti kutentha komwe PIR imamva sikudutsa pagalasi. Diso la kamera likhoza kukhala kuseri kwa galasi, koma kampira koyera kaja kayenera kutulukira kunja, n'kumata silikoni m'mbali mwake. Nditakonza zimenezo ndinakaimangirira pamtengo itayang'ana kotulukira dzuwa, patsogolo pali udzu wautali. Pokatenga kadi ndinapeza zithunzi mazanamazana, zonse za udzu. Dzuwa likautenthetsa, mphepo n'kuugwedeza, kachipangizoko kamayesa nyama. Batire linathera pomwepo. Nditatsegula kontena ndinapezanso nyerere zitamanga mudzi pansi pa bolodi, zinalowera pabowo la waya.

Amalume: Ndiye mwamva. Tigule yeniyeni basi, chitukuko si malo ophunzirira ntchito.

Wa zamagetsi: Za udzuzo ngakhale yogula imapusitsidwa chimodzimodzi malume, nayo imadalira PIR yomweyo. Mankhwala ake n'kusenga udzu patsogolo, kuilozetsa kumpoto kapena kumwera kuti dzuwa lisailase m'maso, ndi kuimanga msinkhu wa m'bondo. Ikhalenso chammbali mwa kanjira ka nyama, chifukwa imamva bwino chodutsa chopingasa kusiyana ndi chobwera molunjika. Koma ndivomere, yogula imadzuka msanga kuposa yanga, yambiri sekondi isanakwane yajambula kale. Yanga ikadzuka zithunzi zoyambirira zimatuluka zobiriwira kapena zakuda, diso lisanazolowere kuwala, ndiye ndimailamula kuti izitaye. Nyama yothamanga ndikhoza kuigwira mchira wokha.

Msungichuma: Nanga usiku? Paja zomwe tikufunazo zimayenda usiku. Muyatsa tochi?

Wa zamagetsi: Tochi ithamangitsa nyama n'kuitana akuba. Timaika timababu ta infrared, kuwala komwe maso a munthu saona koma kamera imaona. Tilipo ta 850 nm, timawala patali koma munthu akayang'anitsitsa amaona kufiira ngati khala lomwe likuzima. Ta 940 nm sitioneka, koma sitifika patali. Chovuta china, m'kamera wamba mumakhala kagalasi kotchinga infrared, kofunika kukachotsa kapena kupeza diso lopanda kagalasiko. Mukakachotsa, zithunzi za masana zimatuluka zofiirira, masamba osaoneka obiriwira. Komanso ESP32-CAM ili ndi kababu koyera kolumikizana ndi waya wa memori kadi, kamaphethira pomwe ikusunga chithunzi. Kameneko ndidzakachotseratu, apo ayi kamera izidziulula yokha mumdima.

Aphunzitsi opuma: Ndiponyepo kambiri pang'ono. Luso limeneli linayamba ndi anthu opanga okha. George Shiras wa ku America, m'zaka za m'ma 1890, ankatchera chingwe panjira ya nyama, nyama ikachikoka kamera n'kujambula, ufa wowalitsa n'kuphulika. Zithunzi zake zinatuluka m'magazini ya National Geographic mu 1906. Ine mtima wanga uli pa ana asukulu. Yogula adzangoiona pamtengo, koma yopanga adzaigwira, adzawotcherera waya okha, ikafa adzadziwa potsegula.

Amalume: Aphunzitsi, ana aphunzire inde, koma funso lathu ndi lakuti munkhalangomo muli chiyani. Tisathe chaka tikujambula michira. Komanso fisi amatafuna zinthu zotere, kontena ya pulasitikiyo ayiyesa fupa.

Azakhali: Pepani ndalowa mochedwa. Nonse mukukamba za mawaya, koma palibe wafunsa kuti kamerayo imasiyanitsa bwanji nungu ndi munthu. Thupi la munthu nalonso n'lofunda. Munthu wapatukira kutchire kukadzithandiza, mawa chithunzi chake chili pagulu pano? Gulu lino ndimalidziwa, chinthu chikagwa muno pofika madzulo chazungulira mafoni onse.

Mlembi: Apa azakhali mwalasa. Sindinaganizeko.

Wa zamagetsi: Sisiyanitsa azakhali, chilichonse chofunda choyenda imajambula. Chomwe imaphonya kawirikawiri ndi njoka ndi ng'azi, poti thupi lawo limatentha mofanana ndi pomwe zili.

Azakhali: Ndiye anthu auzidwe kaye kamera isanapachikidwe, osati adzaitulukire okha n'kuyamba kunena kuti a m'tauni atitchera. Kadi azitsegula anthu awiri odziwika, mmodzi akhale wamkazi, chithunzi cha munthu chizifufutidwa pomwepo. Chinanso, bwanji itajambula ngaka? Mukaponya chithunzicho pa Facebook, mwala ndi mtengo wa pamalopo zikuoneka, mwawalozera njira opha nyama. Sabata siitha ngakayo yapita.

Amalume: Pamenepa ine ndi achemwali tili limodzi. Zimenezi n'zofunika kaya tigula kaya tipanga.

Aphunzitsi opuma: Funso lina mwana wanga, zithunzizo zidzaonetsa tsiku ndi nthawi? Popanda zimenezo sitingadziwe ngati ndi fisi mmodzi wobwerabwera usiku umodzi kapena amabwera mwezi wonse.

Wa zamagetsi: Bolodiyo payokha imaiwala nthawi magetsi akaduka. Ndiwonjezera kawotchi ka DS3231, kali ndi batire lakelake laling'ono, dzina la chithunzi chilichonse lizikhala tsiku ndi ola. Mkati ndiikamonso timapaketi toyamwa chinyezi topezeka m'mabokosi a nsapato zatsopano tija, chifukwa m'mamawa galasi limachita nthunzi.

Wapampando: Ndawerenga zonse. Nayi njira. Mphwathuyu apange imodzi yokha, yoyesera. Isapite kunkhalango kaye, ikhale pabwalo la munthu milungu iwiri osaikhudza. Tione zinthu zitatu: batire lipirira masiku angati, pa zithunzi khumi zingati zili ndi kanthu, ndipo usiku chinyama chikuzindikirika kapena ndi chithunzithunzi chabe. Ikalephera, malume apambana, tigula. Mlembi alembe malamulo a azakhali aja tiwavomereze kamera isanachoke pabwalo. Amfumu ndikawaona ndekha.

Amalume: Ndavomera. Koma milungu iwiri ikhale iwiri, osati kumapita usiku kukasintha batire mobisa.

Wa zamagetsi: 😂 Kiyi wa bokosi musunge ndinu malume. Ndikufuna pabwalo pomwe pali galu woyendayenda usiku, ndani angatibwereke?

Azakhali: Wanga alipo, koma ndikuchenjezeretu, amatafuna chilichonse. Sabata yatha wamaliza payipi ya madzi.

Amalume: Ameneyo ndiye woyenera. Ayimire fisi.