Mbale zikumveka zopyapyala pamene CD ikugunda bwino: ndalakwitsa pati?

Wa situdiyo, Ndirande: Akuluakulu ndithandizeni. Mayi wina wandibweretsera mbale za nyimbo za 45 (zija zozungulira ka 45 pa mphindi) za malemu bambo ake kuti ndiziike pa flash. Ndalumikiza turntable ku mikisa, koma mawu akutuluka opyapyala, besi kulibiretu, ndipo ndikakweza gain pansi pake pakumveka kung'ung'udza. Nyimbo imodzi ali nayonso pa CD, ndiye atamvera zonse ziwiri anangopukusa mutu. Kodi mbale zimamveka chonchi basi?

Katswiri wakale wa pa wailesi: Ayi achimwene, musainamizire mbale. Waya mwalowetsa pati? Ngati ndi pa LINE, polowetsera zinthu ngati CD player, osati pa PHONO, polowetsera turntable, vuto lagona pomwepo. Podula mbale, besi amaichepetsa dala, mawu akuthwa n'kuwakweza, kuti mizere isadye malo ambiri ndiponso singano isamadumphe. Umenewu ndi muyezo wa RIAA, bungwe la makampani a nyimbo ku America, wa 1954. Pa PHONO m'pamene pali kachipangizo kobwezera besi ija m'malo mwake. Chinanso, singano imatulutsa mphamvu yochepetsetsa, pafupifupi 5 mV, pamene CD player imafika 2 V. N'chifukwa chake mukukweza gain mpaka kudzutsa phokoso.

Wa situdiyo, Ndirande: Zoonadi bambo, ndinalowetsa pa LINE. Mikisa yangayi ilibe PHONO.

DJ wa maukwati, Area 25: Bwerekani mikisa ya DJ kapena gulani ka phono preamp, kabokosi kogwira ntchito ya PHONO ija. Za kung'ung'udzazo, yang'anani kumbuyo kwa turntable, pali kawaya kowonda kokhala ndi kafoloko kumapeto. Kamangeni pa sikulu yolembedwa GND. Mukumvayo ndi 50 Hz ya magetsi athu. Ndipo mukakonza mudzavomereza nokha kuti mbale imakoma kuposa CD!

Katswiri wakale wa pa wailesi: Pamenepo tisiyane pang'ono, aphwanga. Mbale ndimazikonda, ndazigwira zaka zambiri, koma poyeza CD ili patsogolo. Imene anatulutsa a Philips ndi Sony mu 1982 ndi ya 16 bit pa 44.1 kHz, ndipo mtunda wa pakati pa mawu otsikitsitsa ndi okwereratu umafika 96 dB. Mbale yabwino imathera cha m'ma 60 kapena 70. Singano ikamayandikira pakati, mawu a "s" amayamba kukanda m'khutu, zimene CD sichita. Kukoma mukunenako nthawi zambiri kumachokera kwa amene anakonza master, kope lomaliza limene mbale kapena CD imachokera. Ma CD ambiri, makamaka kuyambira m'ma 1990, anawafinya ndi compressor kuti azimveka mokweza, ng'oma n'kutha mphamvu. Pa mbale nthawi zambiri safinya motero.

Mlongo wa zokuzira mawu, Mzuzu: Musanajambulenso, mbalezo zitsukeni. Madzi a distilled, kansalu kofewa, muzipukuta motsata mizere, pepala la pakati lisanyowe. Singano muione pa kuwala, imakhala ndi kampira ka fumbi kunsonga. Jambulani WAV (fayilo yosafinya) mu pulogalamu ya Audacity, mita isapitirire -6 dB, MP3 mupange pambuyo. Kuthetheka kwa mbale musakuchotse konse ndi noise reduction, mawu a woimba amatha nako limodzi.

Wa situdiyo, Ndirande: Zatheka! Ndabwereka mikisa ya DJ, kawaya kaja ndamanga, kung'ung'udza kwatheratu ndipo besi yabwerera. CD ikadali yoyera kuposa mbale, koma gitala ya pa mbale ikumveka pafupi ndithu. Mayi uja wamvera pa mahedifoni, maso ali tsinzi, n'kupempha kuti ndibwereze. Zatsala ziwiri zopindika ndi dzuwa, singano ikudumpha poyambira penipeni. Alipo amene anawongolapo zoterezi osawononga mizere?