Za matayala a pickup yanga aja: ndathandizika

Zikomo nonse amene munandiyankha nditafunsa za matayala akumbuyo omwe ankangophulika ndikasenza matumba a soya kuchokera ku Chamama kupita ku Kasungu boma.

Ndinatsata malangizo a achimwene amene anati ndisiye a kaunjika, ndigule olembedwa 195R14C (saizi ya tayala), 8PR (kulimba kwake). Pambali pake palinso 106/104, kutanthauza kuti tayala limodzi limanyamula makilogalamu 950. Ndinaika omwewo pa ngolo. Mtengo wake ndi wowawa ndithu, koma chiikireni palibe laphulika, ndipo ndikawagwira pofika sakutentha ngati kale.

Mukamagula, onani manambala anayi omaliza pa mzere woyamba ndi zilembo za DOT pambali pa tayala: 1524 ndiye kuti linapangidwa sabata ya 15, chaka cha 2024. Mpweya ndikumayeza m'mawa, matayala asanatenthe.