Mwana wanga sapinda mkono chibadwire: kodi udzachira, nanga zimatenga nthawi yaitali bwanji?

Mayi wa ku Ntcheu analemba:

Ndikupereka moni kwa nonse. Ndili ndi mwana wamwamuna wa miyezi inayi amene anabadwa wolemera makilogalamu 4.3, ndipo pobadwa, mutu utatuluka, phewa linakanirira moti anamwino anavutika naye kwa kanthawi asanamutulutse. Kuyambira tsiku limenelo mkono wake wamanja umangogona m'mbali mwa thupi utatembenukira mkati, chikhatho chitayang'ana kumbuyo. Zala amazigwedeza, ndipo akagwira chala changa amafinya ndithu, koma chigongono sapinda ndipo mkonowo saukweza, pamene wamanzere amauponya uku ndi uku mpaka kuufikitsa kukamwa. Potuluka m'chipatala anatiuza kuti mitsempha ya m'khosi inakokeka ndipo zidzatha zokha, choncho takhala tikungodikira.

Chandichititsa kulemba n'chakuti kudikirako kwayamba kubala mawu pakhomo. Apongozi anga akuti ndinachita ulesi pobereka, ena akunong'ona za tsempho, ndipo bambo a mwanayu, ngakhale sanandilankhule choipa, amaopa kumunyamula poganiza kuti amupweteka. Ndikupempha amene mukudziwa za vutoli, makamaka amene munalera mwana wotere mpaka kukula, mundiuze zoona: kodi mkonowu udzagwira ntchito, ndipo banja likonzekere zotani m'zaka zikubwerazi?

Wogwira ntchito ya mafizo anayankha:

Amayi, pepani ndi zimene mwakumana nazo. Ndiyambe ndi chofunika kuposa zonse: mwana wa miyezi inayi amene sanayambe kupinda chigongono sayenera kumangodikiridwa kunyumba, koma akaonedwe ndi a mafupa mwezi uno.

Mkono umayendetsedwa ndi mitsempha isanu, osati ya magazi koma yonyamula mauthenga, imene imatuluka m'fupa la msana cha pakhosi n'kulukana pansi pa phewa isanatsikire ku zala. Madokotala amaitcha brachial plexus. Ya pamwamba imalamulira phewa ndi chigongono, ndipo ya m'munsi imalamulira dzanja ndi zala. Phewa likakanirira, khosi n'kupendekera kwambiri mbali inayo, imene imavulala kawirikawiri ndi ya pamwambayo, n'chifukwa chake mwana wanu akufinya chala koma sakukweza mkono. Mtundu umenewu umatchedwa Erb's palsy, potengera dzina la dokotala wa ku Germany, Wilhelm Erb, amene anaufotokoza mu 1874. Kuvulala kwa mitsempha imeneyi pobadwa kumapezeka mwa mwana mmodzi mpaka atatu pa ana 1,000 alionse. Kugwira kwa zalako ndi chizindikiro chabwino, pakuti ana amene mkono wonse umakhala wolefuka mpaka ku zala, kapena amene chikope cha mbali yomweyo chimagwa, ndi amene amakhala atavulala kwambiri.

Kuvulalaku kuli ngati kwa waya wa magetsi, amene pena amangokokeka, pena amaduka, ndipo pena amazuka pamene analumikizidwa. Mtsempha wongokokeka umatsitsimuka m'masabata ochepa. Woonongeka mkati, khungu lake lisanang'ambike, umamera wokha pang'onopang'ono, pafupifupi milimita imodzi patsiku, choncho pamapita miyezi kuti ufike ku mnofu wopinda chigongono. Wodukiratu sulumikizika bwino paokha, ndipo wozuka ku msana sumeranso. Popeza ndi maso sitingaone kuti zachitika ndi ziti, timayang'ana chigongono. Ana ambiri, pafupifupi 7 kapena 8 pa 10 alionse, amachira bwino popanda opaleshoni, ndipo ochuluka mwa iwo amayamba kupinda chigongono miyezi itatu isanathe. Mwana akafika pakati pa miyezi itatu ndi 6 asanayambe, madokotala amaganizira zolumikiza mitsemphayo, mwina potenga kamtsempha kumbuyo kwa mwendo kuti kakhale cholumikizira, kapena popatutsa mtsempha wina wamoyo wapafupi. Chofulumirira n'chakuti mnofu ukakhala wopanda mtsempha kwa miyezi 12 mpaka 18 umafota moti sungadzutsidwenso, ngakhale mtsemphawo utafika pambuyo pake.

Pitani ku chipatala cha boma cha m'boma lanu, mukafunse a mafupa, ndipo muwapemphe alembe m'buku la mwana zimene mkono ukutha kuchita lero, kuti mwezi wamawa pakhale poyerekezera. Akaona kuti m'pofunika, angakutumizeni ku Kamuzu Central ku Lilongwe, ku Queen Elizabeth ku Blantyre, kapena ku Beit CURE, chipatala cha mafupa a ana chimene chinatsegulidwa ku Blantyre mu 2002. A bungwe lothandiza anthu a ulumali la MAP (Malawi Against Physical Disabilities) nawo amathandiza pa mafizo.

Mafizo sameretsa mtsempha, ndipo musakhulupirire aliyense wokuuzani kuti amameretsa. Ntchito yake ndi kusunga mfundo zofewa kuti mphamvu ikadzabwera idzapeze phewa likuyenda. Chofunika kwambiri ndi ichi: mwana atagona chagada, gwirani chigongono chake m'mbali mwa thupi chitapindika, kenaka tembenuzirani dzanja kunja pang'onopang'ono mpaka litayandikira pamphasa, osakakamiza. Chitani zimenezi nthawi iliyonse imene mukumusintha thewera, koma akuonetseni kaye a mafizo ndi manja awo.

Bambo wa mtsikana wa zaka 9 anayankha:

Mayi, a mafizo afotokoza za miyezi yoyamba, ine ndifotokoza za zaka zotsatira, chifukwa n'zimene ife sitinauzidwe. Mwana wathu anavulala mkono wamanja ngati wanuyo, anayamba kupinda chigongono ali ndi miyezi isanu, ndipo atayamba kukwawa abale onse anati wachira. Koma atafika zaka zitatu tinaona kuti akafuna kumwa madzi amakweza chigongono m'mwamba mpaka kulingana ndi phewa, ndipo sankatha kufikitsa dzanja kunkhongo. Anatifotokozera kuti minofu yotembenuzira mkono mkati inabwerera ndi mphamvu, pamene yotembenuzira kunja inatsala yofooka, choncho phewa linkakokedwa mbali imodzi usana ndi usiku, ndipo mfundo ya mwana amene akukula ikamakokedwa motero imayamba kuumbika molakwika. Zimenezi zinachitika ngakhale kuti mafizo sitinasiye. Ali ndi zaka zinayi anamupanga opaleshoni yomasula phewa ndi kusamutsa minofu ya kumsana kuti izithandiza kutembenuza mkono, ndipo anakhala m'chikhakha kwa masabata angapo mkono uli chotambasukira kumbali. Lero amapesa yekha, amasewera mpira wa manja ndipo amasenza kandowa kake. Mkonowo ndi wamfupi pang'ono ndiponso wowonda poyerekeza ndi unzake, ndipo chigongono sichiwongoka kufika pamapeto. Zimenezo sizidzasintha, ndipo tinamuuza poyera atafunsa.

Za m'banja ndinene mosabisa. Ndalama zambiri sizinapite ku mankhwala koma ku minibasi, chakudya cha panjira ndi masiku a ntchito amene tinataya. Amayi ake anasiya geni yawo kumsika kwa nthawi yaitali, ndipo mchimwene wake wamkulu, amene panthawiyo anali atangoyamba sukulu, anazolowera kusiyidwa kwa agogo mpaka anayamba kudwala dala kuti naye atengedwe kuchipatala. Tinayamba kumupatsa udindo woimba nyimbo ndi kuwerengera pa nthawi ya mafizo, ndipo nsanjeyo inachepa.

Chinativuta mosayembekezera ndi mwambo. Mwana wathu amadya nsima ndi kulemba ndi dzanja lamanzere, ndipo kulandira chinthu ndi manja awiri kumamuvuta chifukwa chikhatho chamanja sichitembenukira kumwamba bwinobwino. Pamaliro ndi paukwati akuluakulu osamudziwa amamudzudzula kuti alibe ulemu. Ndinaona kuti kuli bwino ndizilankhula ndine asanamuyambe, ndipo chaka chilichonse sukulu ikatsegulira ndimakaonana ndi aphunzitsi ake atsopano kuti asamukakamize kulemba ndi dzanja lamanja, komanso kuti asamupatule pa masewera ndi posesa. Kumuchitira chifundo chomuchotsera ntchito kumamupweteka kuposa kumuseka, pakuti mkono wosagwiritsidwa ntchito mwana amauiwala. Bungwe la makolo a ana a ulumali la PODCAM lingakulumikizeni ndi makolo anzanu.

Kwa bambo a mwanayo uthenga wanga ndi wakuti apite nawo kwa a mafizo, aphunzire ndi manja awo, ndipo atenge nthawi ya m'mawa kapena ya madzulo kukhala yawo. Mantha anga anatha tsiku limene ndinaona mwana akuseka ndikumutembenuza mkono.

Mzamba wopuma pa ntchito anayankha:

Mwana wanga, ine ndiyankha za mawu a apongozi anu, chifukwa ndabereketsa amayi kwa zaka zambiri ndipo mlandu umenewu ndaumva ukuikidwa pa amayi osalakwa. Phewa likakanirira, limakhala litakola kumbuyo kwa fupa la pachinena la mayi, ndipo pamenepo kukankha mwamphamvu sikuthandiza, mwinanso kumaonjezera kukolako. N'chifukwa chake timamuuza mayi kuti asiye kukankha, n'kumupinda miyendo mpaka maondo atafika pachifuwa, wina n'kumakanikiza pamwamba pa chinena kuti phewa lilowe pansi pa fupalo. Zonsezi zimachitika m'mphindi zochepa, chifukwa mwana amene mutu watuluka koma chifuwa chikadali mkati sapeza mpweya wokwanira. Ulesi sulowapo. Nthawi zambiri vutoli silidziwika lisanachitike, ndipo alipo ana amene amabadwa ndi mkono wotere popanda phewa kukanirira, ngakhalenso obadwa pa opaleshoni. Za tsempho sindikangana ndi akuluakulu pano, koma ndikupemphani kuti pa ulendo wotsatira muwatenge apongoziwo akadzimvere okha kwa a chipatala, pakuti mawu omwewo akachokera kwa mpongozi wawo adzawatenga ngati kudziikira kumbuyo.

Ndikuchenjezaninso kuti nkhani ya bambo alemba pamwambapa isakuopseni, chifukwa si ana onse amene amafika pa opaleshoni. Chimene mutengepo n'chakuti mwanayu azionedwabe chaka ndi chaka ngakhale ataoneka wochira.

Mukadzaimanso, kanenenitu kusikelo pa ulendo woyamba kuti mwana amene munabereka komaliza anali wa makilogalamu oposa anayi ndipo phewa linakanirira. Pemphani kuti akuyezeni shuga, chifukwa matenda a shuga a pa mimba amakulitsa mwana, makamaka mapewa ndi chifuwa, mayi asakumva chilichonse. Mwa amayi 10 amene izi zinawachitikira, pafupifupi mmodzi zimamuchitikiranso, choncho mudzachirire kuchipatala chimene chili ndi chipinda cha opaleshoni, ndipo za njira yoberekera mudzakambirane ndi dokotala mwezi usanakwane.

Mayi wa ku Ntcheu analembanso:

Zikomo kwambiri nonse, makamaka amayi azamba. Ndawawerengera bambo a mwana mayankho anu, ndipo tagwirizana kuti tipita limodzi Lolemba. Ndatsala ndi mafunso awiri. Agogo a mwanayu amamuthowa mkonowo ndi madzi otentha n'kumaukoka kuti uwongoke, ndipo akufuna kuti tikamutemere mphini. Kodi ndiwaletse zonse? Nanga kumubereka kumbuyo kungamuonjezere vuto?

Wogwira ntchito ya mafizo anayankhanso:

Amayi, musawaletse zonse, koma muwasinthire ntchito. Kukoka kulekeke lero lomwe, chifukwa minofu imene imayenera kugwira phewa m'malo mwake ndi yofooka. Madzi otentha nawo ndi oopsa, pakuti khungu la kumtunda kwa mkono wovulala mwina silimva bwino, ndipo mwana akhoza kupsa osalira. Chifukwa chomwecho muzidzamuyang'anira akadzayamba kukwawira kumbaula. Mphini sizifika pa mtsempha umene uli mkati mwa khosi, ndipo zimangosiya zilonda pa mkono umene kale uli pamavuto. Agogo apatseni ntchito yosisita mkonowo mofatsa ndi mafuta, kuukhudza ndi nsalu zosalala ndi zokhakhala, ndi kumulankhula mwanayo atakhala ku mbali yake yamanja kuti azitembenukira kumeneko ndi kuliona dzanjalo.

Kubereka kumbuyo n'kololedwa popanda vuto. Chimene musachite ndi kumukweza kumsana pomugwira mkono umodzi monga timachitira ambirife. Mugwireni pachifuwa ndi manja awiri, kapena wina akuikireni. Pomanga chitenje onetsetsani kuti mkonowo sunapindikire kumbuyo kwake ndipo sukulendewera, ndipo akadzuka muziutulutsa kuti aziuona. Pomuveka malaya yambani ndi mkono wovulala, ndipo pomuvula muzimaliza ndi womwewo. Lolembalo mutenge buku lanu la sikelo pamodzi ndi la mwana, chifukwa a mafupa adzafuna kuona kulemera kwake pobadwa ndi zimene zinalembedwa m'chipinda chochirira.