Ndithandizeni pa zovala za adzukulu anga

Moni nonse amayi anzanga, komanso abambo amene muli matelala. Ndine agogo a ana atatu, ndimakhala ku Salima kufupi ndi msewu wa ku Senga Bay. Adzukulu angawa ali ku Lilongwe ndipo abwera pa Khirisimasi. Mtima wanga ukufuna adzapeze zovala zosoka ndi manja anga, osati za pa kaunjika.

Ndagula zitenje ziwiri za mamita 2 chilichonse. Atsikana ali ndi zaka 4 ndi 7, mnyamata sanakwanitse chaka. Kodi chitenje chimodzi chingatuluke diresi la wamkuluyo ndi kotsala ka kabudula wa khandalo? Sindinawayeze, ndipo ana amakula ngati chimanga cha m'dimba. Ndisiye mpata wochuluka bwanji mumpendero kuti ndidzafutukule chaka chamawa?

Chondidetsa nkhawa kwambiri ndi khandalo. Chitenje chatsopano chimakhala cholimba, ndipo kuno kunyanja mwezi wa Disembala kumatentha, thukuta lokhalokha. Sindikufuna mwana atuluke nsungu chifukwa cha ine. Ndiyambe ndachichapa kangati ndisanadule? Ena akuti ndichiviike m'madzi a mchere kuti chisasuluke, mwayesapo?

Makina anga ndi akale opalasa ndi mapazi, anandisiyira malemu mayi anga. Masiku ano ulusi ukumapiringizana kunsi kwa nsalu ngakhale ndathira mafuta ndi kusintha singano. Kodi ndi bobini kapena ulusi wa pamwamba wakhwepa? Chonde amene mukudziwa ndilangizeni, masiku akutha.