Mendulo ya Keyala, mutu wa Edward koma kachitsulo ka Nyasaland 1915: ndigule kapena ndisiye?

Zakale_Limbe:
Akuluakulu ndithandizeni maganizo. Pali banja lina la ku Chiradzulu labweretsa mamendulo atatu a agogo awo amene anali msilikali wa Keyala, akufuna ndigule kapena ndiwagulitsire ku okushoni kunja ine nditengepo yanga. Awiriwo ndilibe nawo nkhawa, ndi British War Medal ya siliva ija ya munthu wokwera hatchi kumbuyo yolembedwa 1914 ndi 1918, ndi Victory Medal yamkuwa, onse dzina ndi nambala zodinda bwinobwino m'mphepete. Wachitatu ndi Africa General Service, riboni yachikasu ya mizere iwiri yobiriwira yatha kale ndi njenjete koma ikuoneka, kumbuyo mayi uja ali ndi mkango pansi palembedwa AFRICA. Vuto langa ndi ili, kutsogolo kuli mutu wa Edward VII koma kachitsulo kopingasa kali kamodzi kokha ndipo kalembedwa NYASALAND 1915. Edward anamwalira 1910 eti, ndiye 1915 afikako bwanji? Abwereranso Loweruka ndipo ndalama imene akutchulayo si yoseweretsa.

Chitsulo_Joni:
Aise thawa. Nyasaland 1915 imayenera kukhala ndi mutu wa George V basi. Kuno ku Joni timaziona zimenezo mmisika ya Loweruka, munthu amatenga mendulo wamba nkuchotsa kachitsulo kake nkumangapo kena kosowa chifukwa akudziwa kuti ndalama ili pa kachitsulo osati pa siliva. Siliva wa mendulo imodzi ukasungunula sangakulipirire ngakhale lendi kkkk

Mdala wa pa Zomba:
Achimwene a ku Joni musafulumire kumuthamangitsa mnyamatayu pa malonda. Zimene mwanenazo ndi zoona kwa msilikali amene ankalandira mendulo imeneyi koyamba mu 1915, ameneyo mutu ndi wa George V palibe kutsutsa. Koma azungu aja samapereka mendulo yomweyo kawiri kwa munthu mmodzi. Ngati msilikali analandira kale Africa General Service nthawi ya Edward, akamenyanso nkhondo ina yoyenera mendulo yomweyo ankangomupatsa kachitsulo kokha kuti kawonjezeredwe pamwamba pa koyambako. Ndipo asilikali athu ambiri analandiradi nthawi ya Edward, chifukwa 1 KAR ndi 2 KAR, mabatalioni awiri a Keyala (King's African Rifles), onse anali a kuno ku Nyasaland ndipo anatumizidwa ku Somaliland kukamenyana ndi mtsogoleri wa Asomali Mohammed Abdullah Hassan, kuli kachitsulo ka Somaliland 1902-04, ka Jidballi, kenako ka Somaliland 1908-10. A 2 KAR anathera komweko ambiri pa Gumburru mu 1903. Ndiye mutu wa Edward pawokha si umboni wa chinyengo ayi.

Chimene chikundivuta ine ndi choti mwati kachitsulo kali kamodzi. Mendulo imeneyi sinkaperekedwa yopanda kachitsulo, ndiye ngati mutu ndi wa Edward payenera kukhala kena pansi pa Nyasaland 1915, ka nthawi ya Edwardyo. Kanapita kuti? Funso ndi limenelo. Tiuzeni m'mphepete mwalembedwa batalioni iti, chifukwa 2 KAR inathetsedwa mu 1911 nkudzayambikanso mu 1916, mu Januwale 1915 kuno kunali 1 KAR.

Zakale_Limbe:
Zikomo bambo. M'mphepete mwalembedwa nambala, Pte, dzina, kenako 1/K.A.R. Pa awiri enawo udindo ndi Cpl koma dzina lomwelo kungoti kalembedwe kasiyana chilembo chimodzi, penapake pali L penapake R

Mdala wa pa Zomba:
L ndi R musadandaule nazo, makalaliki a azungu ankalemba mmene khutu lawo lamvera ndipo ife tomwe timasinthanitsa zilembo zimenezo mpaka lero. Pte kukhala Cpl ndiye kuti munthu anakwezedwa, zikugwirizana ndi msilikali wokhalitsa.

Sisi wa ku Leeds:
Ndalowa mochedwa ndinali ku shifiti. Ine ntchito yanga yapambali ndiyomweyi kuno ndimagula timaloti ting'onoting'ono ku okushoni nkumagulitsanso, ndiye ndikuuzeni zimene ogula a kuno amayang'ana asanatulutse khobidi.

Choyamba si kachitsulo, ndi m'mphepete. Pezani vernier, kachipangizo koyezera ka amakanika kaja, muyeze mendulo kuchoka mbali ina kufika mbali ina, iyenera kukhala 36mm, ndiye muyeze malo angapo mozungulira osati pamodzi. Munthu akafufuta dzina lakale ndi tupa kuti alembepo lina, siliva amadyeka pamenepo, ndiye mupeza kuti chopingasa ikukwana 36 koma kuchoka pansi kupita cha mmwamba yaperewera pang'ono, komanso kamzere kotukuka kozungulira nkhope ya mfumu kamaonda cha pansi pomwe pali dzinapo. Muiike pamwamba pa British War Medal yanuyo, nayonso ndi 36mm, zikuyenera kufanana ndendende. Kenako tengani kagalasi kokulitsa muone zilembozo, zodinda ndi makina zimakhala zakuya mofanana ndipo siliva amatukuka pang'ono mbali mwa chilembo chifukwa anachita kukankhidwa, pamene zozokota ndi dzanja pansi pake pamakhala posongoka ndipo chilembo chimayamba mowonda nkuthera mowonda. Mkati mwa zilembo zakale mumakhala mwakuda ndi litsiro la zaka zambiri, mukaona mukuwala mbee ngati mwalembedwa dzulo dziwani kuti pali nkhani.

Mukatha apo ndiye mupite pa ma riveti a kachitsulo. Oyambirira amakhala aukhondo ofanana mbali zonse. Koma apa ndichenjeze, kachitsulo kobwera pambuyo kankafika kokha kosamangirira, ena ankamangitsa kwa mmisiri wa ku kampu, ena ndi waya, ena kusokerera pa riboni ndi ulusi, ndiye riveti yoipa siitanthauza kuti kachitsulo ndi kabodza. Imangotanthauza kuti sikanamangidwe ku fakitale.

Ndipo chonde chonde musapukute ndi Brasso kapena phulusa. Ogula amafuna kuda kwakaleko.

Chitsulo_Joni:
Sisi zonsezo ndamva koma kachitsulo kenikeni kakhozanso kumangidwa pa mendulo yeniyeni ya munthu amene ku Chiradzulu sanapondeko nkomwe. Vernier singakuuze zimenezo

Sisi wa ku Leeds:
Eya nchifukwa chake pali kaundula. Mayina a amene anayenera kulandira Africa General Service ndi tizitsulo take ali ku National Archives ku Kew, London, mu mndandanda wa WO 100, ndipo amapezeka pa intaneti simuchita kufunika kukwera ndege. A nkhondo ya 1914 ali mu WO 329 ndi makadi ake mu WO 372. Mufufuze ndi nambala osati dzina chifukwa cha nkhani ya L ndi R ija. Akapezeka pa kaundula wa Nyasaland 1915 komanso pa wa Somaliland nkhani yatha, ndi mendulo yabwino yosowa kachitsulo kamodzi. Akapanda kupezeka pa wa 1915 ndiye a Joni awina. Achimwene a ku Limbe nditumizireni nambalayo ku inbox musaiike pano pagulu, ndiyang'ana usiku uno.

Aphunzitsi Opuma:
Ine sindigulitsa mamendulo, zanga ndi mabuku akale ndi masitampa, koma ndiloleni ndiyikepo mawu. Kodi tikudziwa kuti Nyasaland 1915 imeneyi inaperekedwa chifukwa cha chiyani? Si ya ku Karonga kumene Keyala inamenyana ndi Majeremani mu Sepitembala 1914 ayi, za nkhondo ya Chiwaya zimenezo, nkhondo yoyamba ya dziko lonse ija, ndi mamendulo awiri enawo. Kachitsulo aka ndi ka amene anathetsa kuwukira kwa John Chilembwe, kumene kunayamba usiku wa pa 23 Januwale 1915 pomwe anthu ake anapha William Jervis Livingstone ku Magomero pa esiteti ya A.L. Bruce. Chilembwe anaphedwa pa 3 Febuluwale cha ku Mulanje akuthawira ku Mozambique, tchalitchi chake cha njerwa ku Mbombwe anachiphwasula ndi mabomba. Asilikali ambiri a 1 KAR nthawi imeneyo anali kumpoto ku Karonga kulondera malire, nchifukwa chake boma linadalira kwambiri azungu a Nyasaland Volunteer Reserve ndi asilikali ochepa amene anali pa Zomba, ndipo nchifukwa chakenso kachitsuloka sikapezeka mwachisawawa. Zowawa zake nzoti Chilembwe yemweyo ndi amene analemba kalata ku Nyasaland Times chakumapeto kwa 1914 kudandaula kuti anthu akuda akufera nkhondo ya eni. Ndiye msilikali wa ku Chiradzulu konko kutumidwa kukasaka munthu amene ankamulankhulira, lero munthuyo tili naye pa K2000 ndipo timapuma pa 15 Januwale. Chinthu chotere chikapita ku London sichibweranso. Banjalo mwalifunsa ngati likudziwa chimene lanyamula?

Zakale_Limbe:
Aphunzitsi sakudziwa, iwo amangoti agogo anamenya Chiwaya. Ndiwauza Loweruka sindingabise. Koma akufuna ndalama ya fizi, za Museum ya pa Chichiri ndinatchulako anangoseka kuti kumeneko angatipatse zingati

Mdala wa pa Zomba:
Fizi ndi fizi sitingawaweruze. Koma inu musanatumize kanthu kunja mudutse kaye ku Dipatimenti ya Museums and Monuments mufunse za chilolezo, kuli lamulo la Monuments and Relics Act lokhudza kutulutsa zinthu zakale mdziko muno. Kungoponya mu envelopu ngati makiyi, zikakagwidwa pa kasitomu mudzalipira banjalo ndi chiyani? Ndipo mulembe pepala losainirana kuti katunduyo ndi wawo ndipo akukupatsani mwakufuna kwawo, asaine akulu a banja osati mdzukulu mmodzi yekha. Milandu ya chuma cha masiye imayamba choncho, mawa kutulukira amalume kuti sitinauzidwe.

Zakale_Limbe:
Ndabwera ndi zotsatira. Vernier ndabwereka kwa amakanika apa, 36mm mbali zonse, ndaikanso pamwamba pa British War Medal zikufanana. Zilembo ndi zodinda zakuda mkati. Koma pa kachitsulo ndapeza zachilendo, mbali imodzi pali riveti yamkuwa yosulidwa mwamphamvu mpaka yaphwatalala, mbali inayo si riveti ndi kawaya kopota, ndipo timakutu ta pa chogwirira riboni tapindika ngati munthu anachita kukanula ndi pulayazi. Ndawaimbira foni akuti agogo aakazi ankanena kuti mendulo inathyoka kalekale anakakonzetsa kwa wokhoma zidebe pa msika

Chitsulo_Joni:
Wokhoma zidebe kkkkk ndiye kachitsulo ka Somaliland kanathera pa chidebe cha munthu

Sisi wa ku Leeds:
Ndayang'ana. Nambala yake ili pa kaundula wa 1 KAR wa Somaliland 1908-10 dzina likugwirizana, ndiye mutu wa Edward wamveka. Pa wa Nyasaland 1915 ndamupezanso, apo ali kale Cpl. Ndakutumizirani zithunzi za masamba onse awiri muzisunge ndipo mupulinte zipite limodzi ndi mamendulo. A Joni mugule fanta.

Tsopano mmene mungagulitsire. Musayese kugula kachitsulo ka Somaliland kwina nkumangirirapo kuti ioneke yathunthu, akatswiri a maokushoni a ku London monga Noonans kapena Spink amaona zimenezo msanga ndipo akangokayika chimodzi amakayika zonse. Musakonzenso waya uja, musiyeni. Mungolemba zoona, kuti kachitsulo koyamba kanasowa, kachiwiri kanamangidwanso pamanja, kaundula akutsimikiza tonse tiwiri. Mtengo utsikako poyerekeza ndi yathunthu koma osati kugwa. Atatuwo apite pamodzi ngati gulu limodzi musawagawe, gulu la munthu mmodzi limagulidwa bwino kuposa mmodzimmodzi. Mufunsenso banjalo ngati kulibe nyenyezi yamkuwa ya 1914-15 Star, munthu amene anali kale mu Keyala nkhondo ikuyamba mwina anailandira, ngati ili mu chitini china kumudzi ibwere. Chithunzi, pepala lotulukira usilikali, baji ya pa chipewa, chilichonse chimakweza.

Pa ndalama muwafotokozere bwino asadzakuoneni wakuba. Mtengo umene nyundo yagwera si umene mumalandira, okushoni imadula komishoni yake kwa wogulitsa, wogulanso amalipira yake pamwamba yopitirira 20 peresenti ndiye amabida akuwerengera zimenezo, kuphatikiza kutumiza ndi inshuwalansi, ndipo ndalama imabwera patapita masabata malonda atachitika. Ngati fizi ikufunika mwezi uno sizikwana nthawi. City Coins ku Cape Town nawonso amachita okushoni ya mamendulo ndipo ndi pafupi, mufunse mbali zonse muyerekeze.

Zakale_Limbe:
Zikomo kwambiri sisi. China chaching'ono, anabweretsanso tiipoti akuti ndi wa siliva agogo anapatsidwa ndi bwana wawo, pansi palembedwa EPNS

Mdala wa pa Zomba:
Ameneyo abwerere naye azikamwera tiyi. EPNS ndi chitsulo chongokutidwa siliva pamwamba. Siliva weniweni wa ku England amakhala ndi kachidindo ka mkango woyenda, pambali pake nangula ngati ndi wa ku Birmingham kapena mutu wa kambuku ngati ndi wa ku London. Maginito musadalire, EPNS nayonso nthawi zambiri siigwira. Mamendulo okha ndi amene alibe zidindo zimenezi ngakhale ali a siliva ndiye musakazifune pamenepo.

Aphunzitsi Opuma:
Musanatumize mujambule mbali zonse ndi m'mphepete momwe, kope imodzi mupatse banja ina mukasiye ku National Archives pa Zomba. Loweruka ndili ku Limbe, mukandilola ndibwera ndidzawafotokozere ndekha za 1915 asanasaine.

Zakale_Limbe:
Bwerani aphunzitsi cha mma 10, ndawauzanso afufuze nyenyezi ija ndipo abwere ndi amalume awo